Anthu a Mbiri pa Zoimba: James Jamerson

James Jamerson anabadwa m'chaka cha 1936 ku South Carolina, m'dziko la Amereka, naphunzira kuimba besi ali pa sukulu mumzinda wa Detroit. Kumeneko anakhala mzati wa nyimbo za kampani ya Motown, ngakhale kuti kwa zaka zambiri dzina lake silinali kulembedwa pa malekodi.

Achinyamata ambiri amayesa kuti liwu lokoma la besi limagulidwa pamodzi ndi ampulifaya yaikulu. Jamerson sanatero. Gitala yake inali Fender Precision, ya nsambo zosalala zimene sanali kuzisintha kufikira zitaduka. Kasiponji kogunda nsambozo kankaletsa kulira kopitirira, ndipo iye ankaimba ndi chala chamkombaphala chokha. Poimbira anthu ankadalira Ampeg B-15, ampulifaya ya mphamvu zochepa, atakwezeratu mawu a pansi, a pamwamba n'kuwasiya pakati. Makinawo ankangokuza chimene chalacho chapereka.

Motown itasamukira ku Los Angeles mu 1972, ojambula nyimbo anayamba kufuna liwu lakuthwa. Iye anakana kusintha, ntchito inachepa, mowa unamfooketsa, ndipo anamwalira mu 1983 ali ndi zaka 47. Mu 2000 analandiridwa mu Rock and Roll Hall of Fame.