William Golding, Mphunzitsi Amene Anasanduka Mlembi wa Nthano

Mwa alembi a nthano zazitali amene dziko la Mangalande linabala m'zaka za m'ma 1900, William Golding ndiye amene aphunzitsi ayenera kumdziwa koposa, pakuti buku limene linamtchukitsa analilemba ali chigwirire choko, ndipo anthu a m'bukumo ndi anyamata onga aja ankakhala pamaso pake tsiku ndi tsiku.

Golding anabadwa pa 19 September 1911 ku Newquay m'chigawo cha Cornwall, nakulira ku Marlborough kumene atate ake, a Alec Golding, ankaphunzitsa sayansi. M'chaka cha 1930 analowa koleji ya Brasenose ku Oxford, ndipo ataphunzira sayansi zaka ziwiri anaisiya natenga maphunziro a zolembalemba za Chingerezi. Mu 1939 anakwatira Ann Brookfield, ndipo chaka chotsatira anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya anyamata ya Bishop Wordsworth mu mzinda wa Salisbury wa ku Mangalande.

Sanakhalitse m'kalasi, pakuti nkhondo ya Hitler inali itakula. Kumapeto kwa 1940 analowa gulu la asilikali a pamadzi. Anali nawo pamene zombo za Angerezi zinasaka chombo chachikulu cha Ajeremani chotchedwa Bismarck mu 1941, ndipo mu 1944, pamene magulu ankhondo anaolokera ku Normandy, iye ankalamulira ngalawa yoponya mizinga. Zimene anaona m'zaka zimenezo zinamchotsera chikhulupiriro chakuti maphunziro ndi chitukuko pazokha zimatha kuchiza mtima wa munthu, pakuti mitundu imene inachita zoopsazo inali yomwe ija yodzitama ndi sukulu zake. Nkhondo itatha mu 1945 anabwerera ku ntchito yake ya uphunzitsi ali ndi maganizo ameneŵa.

Kalelo ana a Angerezi ankakonda buku la R. M. Ballantyne lotchedwa The Coral Island, m'mene anyamata otayika pa chilumba akhala mwamtendere ndi mwaulemu, zoipa zonse zichokera kwa anthu akunja. Golding, pokhala wodziwa anyamata, anatsimikiza kulemba za chilumba china. Osindikiza mabuku angapo anakana zolemba zakezo, kufikira mkonzi wachinyamata wa kampani ya Faber and Faber, Charles Monteith, anaziwerenga nazikonda, namuuza achotse chiyambi chake chimene chinkafotokoza za nkhondo ya mabomba a atomu. Bukulo linatuluka mu September 1954 ndi dzina lakuti Lord of the Flies, kutanthauza mbuye wa ntchentche.

Nkhani yake ndi iyi. Ndege igwa pa chilumba, ndipo opulumuka ndi ana asukulu okhaokha, wopanda wamkulu aliyense. Poyamba achita zonse mwadongosolo: asankha Ralph kukhala mtsogoleri, apangana kuti wolankhula pa msonkhano akhale yekhayo amene wagwira chigoba cha nkhono ya m'nyanja, nasonkha moto paphiri kuti zombo zodutsa zione utsi. Koma Jack, mkulu wa alenje, akopa anzake ndi nyama ya nkhumba ndiponso mantha a chilombo chimene palibe anachiona bwino. Moto uzima tsiku lomwelo chombo chidutsa, chifukwa oulonda apita kosaka. Simon, amene azindikira kuti chilombocho chili m'mitima mwao momwe, aphedwa pa gule wa usiku; Piggy, mwana wanzeru wovala mandala, aphwanyidwa ndi thanthwe pamodzi ndi chigoba chija. Wodzawapulumutsa ndi msilikali wa chombo cha nkhondo, munthu wochokera kumene akuluakulu akuphana koposa anawo.

Bukulo litayamba kugulidwa kwambiri, makamaka ku Amereka, Golding anasiya uphunzitsi mu 1961. Anali atalemba kale The Inheritors mu 1955 ndi Pincher Martin mu 1956, ndipo mu 1964 anatulutsa The Spire, nkhani ya wansembe amene aumirira kumanga nsanja yaitali pa tchalitchi chopanda maziko okwanira. Kutchuka sikunambweretsere mtendere. Anavutika ndi mowa, ndipo kuyambira 1967 kufikira 1979 sanatulutse nthano yaitali ina. Pambuyo pake mphamvu zinabwerera: Rites of Passage inalandira mphoto ya Booker mu 1980, iye mwini analandira mphoto ya Nobel mu 1983, ndipo Mfumukazi Elizabeth inampatsa ulemu wa Sir mu 1988. Anamwalira pa 19 June 1993 kwao ku Cornwall, naikidwa m'manda ku Bowerchalke.

Alipo ena amene amatsutsa Golding, nanena kuti anaipitsa ana mopitirira. Iwo amakumbutsa za anyamata asanu ndi mmodzi a ku Tonga amene mu 1965 anatayika pa chilumba cha Ata nakhalapo miyezi yoposa khumi ndi iwiri akuthandizana, osaphana. Nkhani imeneyi ndi yoona, ndipo iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi bukulo. Komabe Golding sanalembe ulosi wakuti ana onse adzatero. Anasonyeza njira imene dongosolo limafera. Pa chilumba chake palibe tsiku limene anawo anapangana kutaya malamulo. Wina anasiya moto umene anapatsidwa kulonda, wina anadula mnzake mawu pa msonkhano, ndipo ambiri anaona nakhala chete pofuna gawo la nyama. Mphunzitsi amene ali ndi kalasi, ndi kalaliki amene asunga mabuku a ofesi, adziwa kuti zinthu zimayamba kuonongeka motero, ndipo ndi chifukwa chake buku la mu 1954 likuwerengedwabe m'sukulu za maiko ambiri.