Samuel Palmer ndi Chigwa cha Shoreham

Mumzinda wa London muli nyumba yosungiramo zithunzi yotchedwa Tate, ndipo pakati pa zithunzi zake pali kena kakang'ono, kotalika masentimita 30 okha. Kakuonetsa anthu akutuluka m'tchalitchi mapemphero amadzulo atatha. Ali pamzere, abambo, amayi ndi ana, m'busa wawo ali pakati pawo, mwezi wathunthu utatulukira kuseri kwa phiri. Mitengo yakumanitsa nthambi pamwamba pa mitu yawo ngati khomo la tchalitchi, moti ukayang'anitsitsa umayamba kukayika ngati anthuwo atulukadi panja, kapena angochoka m'tchalitchi chaching'ono n'kulowa m'chachikulu. Dzina lake pa Chingerezi ndi Coming from Evening Church. Anakajambula mu 1830 mnyamata wa zaka 25, Samuel Palmer. Chaka chomwecho, m'dera lomwelo, aganyu anjala ankatentha milu ya tirigu usiku, ndipo m'chithunzicho mulibe ndi utsi womwe.

Palmer anabadwa pa 27 Januwale 1805 ku Newington, kum'mwera kwa London. Bambo ake ankagulitsa mabuku ndipo nthawi zina ankalalikira mumpingo wa Baptist. Malonda sankawayendera, poti mtima wawo unali pa kuwerenga mabukuwo osati kuwagulitsa. Mwanayo anali wodwaladwala, ndipo amene anamulera kwambiri ndi mayi wina wantchito, Mary Ward, munthu wosapita patali ndi sukulu koma wodziwa Baibulo ndi ndakatulo za John Milton. Sukulu Samuel sanakhalitseko. Mayi ake anamwalira mu 1818, ndipo chaka chotsatira, ali ndi zaka 14, zithunzi zake zinalandiridwa pa chionetsero cha Royal Academy, bungwe lalikulu la akatswiri ojambula ku England. Atakula anasiya njira ya bambo ake n'kukhala mkhristu wolimbikira wa mpingo wa Anglikani, wokonda miyambo yakale ya mpingowo.

Mu 1822 anakumana ndi John Linnell, wojambula wamkulu kwa iye, amene anamulangiza kuti asiye kutsanzira zimene zinali m'fasho n'kukaphunzira kwa akatswiri akale ngati Albrecht Dürer. Linnell yemweyo ndiye anamutengera kwa William Blake mu 1824. Blake anali nkhalamba yosauka, mlakatuli ndi wojambula amene ambiri ankamuyesa wopenga chifukwa ankanena poyera kuti amaona masomphenya. Anamupeza ali pabedi, akudwala mwendo, mabuku atamuzungulira, akujambula zithunzi za m'ndakatulo ya Dante. Palmer anatuluka m'chipindamo ali munthu wina. Chimene chinamugwira mtima koposa ndi tizithunzi timene Blake anagoba pa timatabwa kuti tikongoletse buku la ana asukulu la ndakatulo za Virgil. Tinali tating'ono ngati chikhatho cha mwana, takuda bii, toonetsa abusa, nkhosa ndi mwezi. Moyo wake wonse Palmer ankabwerera ku tizithunzi timeneti.

Anyamata angapo okonda Blake anapanga kagulu n'kudzitcha The Ancients, kutanthauza anthu akale, ngakhale ambiri mwa iwo anali asanakwanitse zaka 30. Munali George Richmond, Edward Calvert, Francis Oliver Finch ndi msuweni wa Palmer, John Giles. Ankakhulupirira kuti dziko la mafakitale ndi utsi likutaya chinthu chimene anthu akale anali nacho. Ndalama zochepa zimene agogo ake anamusiyira zinathandiza Palmer kusamukira ku Shoreham, mudzi wa m'chigwa cha mtsinje wa Darent m'dera la Kent, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku London. Anakhalako kuyambira 1826 mpaka 1835. Nyumba yake yoyamba inali yachabechabe moti anzake anaipatsa dzina loti Rat Abbey, ngati kunena kuti nyumba ya amonke yodzaza makoswe. Anzakewo ankabwera wapansi kuchokera kutauni, ndipo usiku ankayendayenda m'minda akuimba ndi kulakatula, eni mudzi akuwaona ngati anthu osokonekera mutu.

Zithunzi za zaka zimenezi ndi zimene zinamupatsa dzina, ngakhale iye sanaone ulemerero wake. Mu The Magic Apple Tree, chimene chili ku Fitzwilliam Museum ku Cambridge, mtengo wabereka maapozi mpaka nthambi kuwerama, ndipo phiri la tirigu kumbuyo kwake likuwala ngati golide wosungunuka. Mu zithunzi zisanu ndi chimodzi za inki yofiirira zimene anajambula mu 1825, zomwe zili ku Ashmolean Museum ku Oxford, ngala iliyonse ya tirigu ndi yonenepa kuposa mmene tirigu amakhalira, tsamba lililonse lili ndi mzere wake, ndipo kalulu akuyenda m'nkhalango m'mawa mopanda mantha. Mwezi wa Palmer umakhala waukulu kuposa mwezi weniweni. Sikuti sankatha kujambula zinthu mmene zilili. Linnell ankamulipira kuti ajambule mitengo ndi nkhokwe molondola, ndipo ankazichita bwino. Koma iye ankakhulupirira kuti munda wa tirigu ndi chithunzithunzi chabe cha dziko lina labwino koposa, ndipo ntchito ya wojambula ndi kuonetsa dziko linalo likusuzumira kudzera m'dziko lino. Maganizo amenewa anawatenga m'Masalimo, mwa Milton ndi mwa John Bunyan. Ogula zithunzi sanawamvetse. Zambiri mwa zithunzizi anangozisunga m'nyumba, n'kumaonetsa abwenzi apamtima okha.

Pano ndi pamene ine mbiri yake imandivuta. Anthu amene Palmer ankawajambula akukolola mwamtendere anali aganyu olandira malipiro osakwanira chakudya cha banja. Nyengo yozizira ankadalira ganyu yopuntha tirigu, koma eni minda anayamba kugula makina opunthira, ganyuyo n'kutha. Mu 1830 chipolowe chinayambira ku Kent komweko n'kufalikira kum'mwera konse kwa England. Anthu ankaphwanya makina, kutentha milu ya zokolola, ndi kutumiza makalata oopseza osainidwa ndi dzina lopeka loti Captain Swing. Ankadandaulanso za chakhumi, chimene pa nthawiyo lamulo linkakakamiza alimi kupereka ku mpingo wa Anglikani, kaya ndi a mpingowo kaya ayi. Boma linayankha ndi dzanja lolemera: anthu 19 ananyongedwa, ndipo pafupifupi 500 anatumizidwa ku Australia ngati akaidi. Palmer sanaime ndi anjalawo. Mu 1832, pamene malamulo a chisankho ankasinthidwa kuti anthu ochulukirapo azivota, analemba kabuku kaukali kopita kwa ovota a kumadzulo kwa Kent, kowachenjeza kuti osintha zinthuwo agwetsa mpingo ndi dziko. Munthu amene maso ake ankaona ulemerero wa Mulungu m'ngala ya tirigu sanaone nthiti za wokolola tiriguyo. Sindinganene kuti zithunzizo n'zabodza chifukwa cha zimenezi, koma sindingathenso kuziyang'ana osakumbukira moto uja.

Pambuyo pa chipolowecho masomphenya anayamba kuzilala, ndipo ndalama nazo zinatha. Anabwerera ku London, ndipo mu 1837 anakwatira Hannah, mwana wa a Linnell, ali ndi zaka 32 ndipo mkaziyo 19. Vuto linayamba tsiku la ukwati lomwe. A Linnell sankagwirizana ndi mpingo wa Anglikani, choncho anaumirira kuti ukwati ukamangidwe ku ofesi ya boma osati kutchalitchi, ndipo mkamwini wokonda guwa uja anagonja. Banja latsopanoli linakakhala zaka ziwiri ku Italy pamodzi ndi banja la Richmond, akujambula Rome ndi madera ena. Pobwerako mu 1839 Palmer anapeza kuti mng'ono wake William wapinyolitsa zithunzi zake zambiri za ku Shoreham, ndipo anataya ndalama zochuluka kuti aziwombole.

Zaka makumi awiri zotsatira zilibe zambiri zoti munthu n'kufotokoza. Ankaphunzitsa ana a anthu olemera kujambula, ankayendera Devon, Cornwall ndi Wales kufuna malo okongola, ndipo ankapenta ndi penti wosungunula m'madzi zithunzi zoti zigulike. Mu 1843 analandiridwa m'bungwe la akatswiri a penti wotereyu, n'kukhala membala wathunthu mu 1854. Mu 1846 anajambula tizithunzi tinayi ta m'buku la Charles Dickens lonena za ulendo wa ku Italy. Apongozi ake anali atalemera ndithu, ndipo banja la Palmer linkadalira thandizo lawo. Thandizolo linkabwera ndi mawu. A Linnell ankamudzudzula pa kajambulidwe, pa chipembedzo ndi pa kayendetsedwe ka banja, ndipo Hannah pang'onopang'ono anapendekera kwa bambo ake. Amene anadyapo nsima ya apongozi akudziwa mmene imakhalira pakhosi.

Anabereka ana atatu. Mtsikana, Mary Elizabeth, anamwalira mu 1847 ali ndi zaka zitatu. Chiyembekezo chonse cha Palmer chinatsamira pa mwana wake woyamba, amene dzina lake silachilendo kwa ife, Thomas More. Anali mnyamata wanzeru, ndipo bambo ake ankamupanikiza ndi maphunziro ndi malangizo osatha, kufuna kuti adzakhale zonse zimene iwo analephera kukhala. Mnyamatayo anafooka, anadwala, ndipo anamwalira mu Julaye 1861 pafupi ndi Abinger m'dera la Surrey, ali ndi zaka 19. Palmer sanachirenso. Chaka chotsatira banjalo linasamukira ku Furze Hill House kufupi ndi Redhill, ndipo kumeneko anadzitsekera m'chipinda chake chogwiriramo ntchito, akuvutika ndi mphumu, osafuna kuonana ndi anthu ambiri.

M'chipinda chimenecho ndi mmene chigwa cha Shoreham chinamubwerera. Mu 1864 loya wina, Leonard Rowe Valpy, anamufunsa ngati pali ntchito imene mtima wake ukuilakalaka, ndipo anagwirizana zoti ajambule zithunzi zisanu ndi zitatu zochokera m'ndakatulo ziwiri za Milton, L'Allegro ndi Il Penseroso. Ntchitoyi inamutengera zaka zonse zotsala za moyo wake, loya uja akung'ung'udza ndi kuchedwa kwake. Pambali pake ankamasulira m'Chingerezi ndakatulo za abusa zimene Virgil analemba m'Chilatini. Koma chimene chinamutsitsimutsa kwenikweni ndi luso lina limene anayamba mu 1850, lojambula pa mkuwa. Mmisiri amatenga chitsulo chopyapyala cha mkuwa n'kuchipaka phula, kenako amalemba paphulapo ndi singano mpaka mkuwa kuonekera m'mizere. Akachiviika mu asidi, asidiyo amadya pokhapo pamene singano yadutsa. Akachotsa phula amapaka inki kuti ilowe m'timizere tija, amapukuta pamwamba, n'kupanikiza pepala lonyowa pa makina osindikizira. M'luso limeneli mulibe penti woyera. Kuwala kulikonse kumene ukuona ndi pepala lenilenilo, timadontho timene mmisiri wasiya pakati pa mizere zikwizikwi yakuda. Palmer ankatha zaka akukonza chitsulo chimodzi, ndipo moyo wake wonse anamaliza zithunzi 13 zokha za mtunduwu.

Ziwiri mwa izo, zonse za mu 1879, ndi zimene ine ndimaziona ngati nsonga ya ntchito yake. Mu The Bellman muli mudzi pa chisisira, ng'ombe zitagona, utsi ukutuluka m'nyumba, ndipo mlonda woliza belu akuyenda yekha pamsewu. Palmer mwini anavomera kuti mudziwo ndi Shoreham wa m'chikumbumtima chake. Mu The Lonely Tower muli nsanja yokhayokha pamwamba pa phiri, zenera limodzi likuwala, mwezi wocheperako ukulowa, nyenyezi zisanu ndi ziwiri zili pamwamba, abusa awiri akuyang'ana kuwalako nkhosa zawo zili gone. Akatswiri ena amati nsanjayo ikufanana ndi ya pa Leith Hill, kufupi ndi kumene mwana wake anamwalira. Zithunzi za unyamata wake zinali za munthu woledzera ndi chimwemwe. Izi ndi za bambo amene waika ana awiri m'manda, mdima wachuluka kuposa kale, koma nyali ya pazenera ikuyakabe.

Anamwalira pa 24 Meyi 1881 ali ndi zaka 76, bwenzi lake lakale George Richmond ali pambali pake, ndipo anaikidwa m'manda a patchalitchi ku Reigate. A Linnell anamutsatira patangotha miyezi yochepa. Mwana yekhayo wotsala, Alfred Herbert, anamaliza zitsulo zinayi zimene bambo ake anasiya pakati, n'kusindikiza kumasulira kwa Virgil kuja mu 1883, ndipo mu 1892 analemba mbiri yawo. Koma mwana yemweyu ankachita manyazi ndi zaka za ku Shoreham. Ankaona kuti zolemba za bambo ake za nthawiyo n'zotengeka mtima mopitirira ndipo anthu adzawaseka nazo. Mu 1909, asanasamukire ku Canada, anasonkha moto pabwalo n'kutentha timabuku tojambulamo, zolemba ndi zithunzi. Motowo unayaka masiku angapo. Iye ankati akuteteza ulemu wa bambo ake.

Zimene zinapulumuka zinaonetsedwa mu 1926 ku Victoria and Albert Museum ku London, ndipo achinyamata ojambula a nthawiyo anadabwa kuona kuti zaka zana m'mbuyomo munthu anajambulapo motero. M'modzi mwa iwo anali Graham Sutherland, amene pambuyo pake anakonza chithunzi cha Khristu mu ulemerero pa nsalu yaikulu ya m'tchalitchi chachikulu cha Coventry. Zithunzi zimene palibe ankazifuna zinakwera mtengo mpaka akathyali analowererapo: mu 1976 nyuzipepala ya The Times inaulula kuti zithunzi zingapo zogulitsidwa m'dzina la Palmer zinali zopeka, ndipo munthu wina, Tom Keating, anavomera kuti anazijambula ndi iye. Kabuku kamodzi ka mu 1824, chaka chimene Palmer anakumana ndi Blake, sikanapse pamoto uja. Kali ku British Museum, ndipo masamba ake adzaza mitengo, timapiri, nkhosa ndi mwezi, zojambulidwa ndi mnyamata wa zaka 19.