Rowland Hill: Mphunzitsi Amene Adakonza Ntchito za Mtokoma

Rowland Hill adabadwa pa 3 Disembala 1795 m'tauni ya Kidderminster ku Mangalande. Bambo ake, a Thomas Wright Hill, adali mphunzitsi, ndipo mnyamatayo adayamba kuwathandiza kuphunzitsa ali ndi zaka 12 zokha. M'chaka cha 1819 banjali lidatsegula sukulu ya Hazelwood pafupi ndi mzinda wa Birmingham. Sukuluyi idatchuka chifukwa kudalibe mkwapulo, ndipo ana ankasankha okha bungwe lawo lokonza malamulo ndi kuweruza milandu ya anzawo. Koma chimene dzina la Hill limakumbukidwira ndi ntchito imene adagwira atasiya uphunzitsi.

Masiku amenewo kawirikawiri kalata inkalipiridwa ndi woilandira osati woitumiza, ndipo mtengo wake unkatengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala. Kalata ya pepala limodzi yochokera ku London kupita ku Edinburgh inkadya makobiri 13 ndi theka, ndalama imene kwa munthu wolima m'munda wa eni idali pafupifupi malipiro a tsiku lathunthu. Amphawi ambiri ankabweza makalata a abale awo chifukwa chosowa cholipira, pamene aphungu a Nyumba ya Malamulo ankatumiza awo mwaulere.

Hill sadali wantchito wa ku positi ofesi. Komabe, monga amanenera akuluakulu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye adasonkhanitsa mabuku a boma onena za mtokoma nayamba kuwerengera ndalama zimene zinkalowa pa gawo lililonse la ntchitoyo. Adapeza kuti kunyamula kalata imodzi kuchokera ku London mpaka ku Edinburgh kunkadyera boma gawo limodzi lokha la magawo 36 a kobiri. Ndalama zambiri zinkathera m'maofesi ndi m'makomo. Kalaliki ankaunika kalata iliyonse pa nyali kuti awerenge mapepala ake, kenaka n'kuwerengera mtunda ndi kulemba mtengo. Woperekera makalata naye ankaima pakhomo lililonse kudikira kuti mwini nyumba afune ndalama.

M'chaka cha 1837 Hill adasindikiza kabuku kofotokoza maganizo ake. Mfundo zake zidali zosavuta kumva: kalata ilipiridwe ndi woitumiza isananyamuke, mtengo utengere kulemera kwake, ndipo ukhale umodzi ndi wotsika m'dziko lonse. Chizindikiro chakuti yalipiridwa chikhale kapepala komata pa kalatayo. Akuluakulu a mtokoma, motsogozedwa ndi mlembi wawo wamkulu William Maberly, adatsutsa kwambiri poopa kuti boma litaya ndalama. Amalonda ndi anthu wamba adagwirizana ndi Hill, ndipo mu 1839 Nyumba ya Malamulo idavomereza.

Pa 10 Januwale 1840 mtengo wa kobiri limodzi pa kalata yosapitirira theka la aunsi, amene ali ngati magalamu 14, udayamba kugwira ntchito. Pa 6 Meyi chaka chomwecho anthu adayamba kumata sitampa yoyamba pa dziko lonse lapansi, yakuda, yokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Makalata adachuluka kuchoka pa 76 miliyoni mu 1839 kufika pa 169 miliyoni mu 1840.

Komatu otsutsa aja sadalakwe pa zonse. Phindu la boma lidatsika, ndipo padapita zaka zoposa 20 lisanabwerere mwakale. Boma litasintha, Hill adachotsedwa ntchito mu 1842 nakagwira ku kampani ya sitima zapamtunda ya London ndi Brighton. Mu 1846 adamuitananso, koma kwa zaka zisanu ndi zitatu ankangokokanakokana ndi Maberly m'likulu limodzi. Adakhala mlembi wamkulu wa mtokoma mu 1854, ndipo mu ulamuliro wake mzinda wa London udagawidwa m'zigawo zokhala ndi zilembo kuti makalata asankhidwe msanga. Ngakhale adali wanzeru ndi wakhama, ambiri mwa anzake a pantchito ankamuona ngati munthu wouma mtima ndi wosamva za wina, ndipo mikangano imeneyi idachedwetsa zina mwa zimene ankafuna kukonza.

Mfumukazi idamupatsa ulemu wa Sir mu 1860, ndipo adapuma pa ntchito mu 1864. Adamwalira pa 27 Ogasiti 1879 naikidwa ku Westminster Abbey. Pofika nthawi imeneyo maiko ambiri adali atatengera njira yake, kuyambira Brazil ndi zigawo zina za Switzerland mu 1843.

Wachinyamata amene akulowa ntchito ya boma angaphunzire zinthu ziwiri pa moyo wa Hill. Pokonza ntchito za mtokoma, iye sadadalire kupeka makina atsopano. Adangoyang'anitsitsa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kalaliki ndi ya woperekera makalata, nafunsa kumene nthawi ndi ndalama zinkatayikira. Koma nzeru yotereyi imayenda bwino ngati mwini wake adziwa kukhala ndi anthu amene adzaigwiritse ntchito, ndipo apa ndi pamene Hill adavutika moyo wake wonse wa m'boma.