Osamu Tezuka: dokotala amene anasankha kujambula

Anzathu a mu kalabu, kodi munatsegulapo buku la manga mu laibulale n'kudabwa kuti likuyambira kumapeto? Simunaligwire chozondoka ayi. Mabuku a nthano za m'zithunzi a ku Japan amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mukafufuza amene anawatchukitsa, dzina limene mudzakumana nalo msanga ndi la Osamu Tezuka. Lero tiyeni timudziwe mkulu ameneyu.

Tezuka anabadwa pa 3 Novembala 1928 ku Toyonaka, pafupi ndi Osaka, ndipo anakulira ku Takarazuka. Ali mwana ankakonda zinthu ziwiri: kujambula ndi kutola tizilombo touluka ndi tokwawa. Kunyumba kwawo bambo ake ankaonetsa mafilimu, choncho makatuni a Disney anamulowa m'magazi adakali wamng'ono.

Kenako kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Taganizani, mnyamata wa msinkhu wanuwu akuchotsedwa m'kalasi kukagwira ntchito m'fakitale. Mu 1945 ndege zankhondo zinaponya mabomba pa Osaka iye ali komweko. Anaona mzinda ukuyaka, anaona mitembo, iyeyo n'kupulumuka. Zimenezi sanaziiwale moyo wake wonse, n'chifukwa chake nthano zake zambiri zimabwerera pa mfundo imodzi, yakuti moyo ndi wamtengo wapatali, kaya ndi wa munthu, wa nyama ngakhale wa kachilombo.

Chaka chomwecho anayamba maphunziro a udokotala ku Osaka, koma pensulo sanaitaye. Mu 1946, ali ndi zaka 17, katuni yake yoyamba inatuluka m'nyuzipepala ya ana. Mu 1947 buku la Shin Takarajima linayenda malonda kwambiri. Chachilendo chinali chiyani? Tezuka ankajambula ngati kamera ya filimu: apa nkhope pafupi, apo galimoto ikubwera patali, kachitidwe kamodzi n'kukagawa m'zithunzi zingapo. Wowerenga ankamva ngati zinthuzo zikuyendadi.

Sukulu anamaliza, chiphaso cha udokotala anatenga, koma ntchito imene anasankha ndi yojambula. Mu 1950 anayamba nthano ya mkango woyera wa ku Africa, imene kunja kwa Japan imadziwika kuti Kimba the White Lion. Mu 1952 kunabwera Astro Boy, loboti yooneka ngati mwana. Wasayansi anaipanga kuti ilowe m'malo mwa mwana wake amene anamwalira, kenako n'kuitaya chifukwa sinkakula. Mwaona? Si nthabwala za ana zokha izi.

Mu 1961 anatsegula kampani ya makatuni oyenda, imene inadziwika kuti Mushi Production, ndipo pa 1 Januwale 1963 Astro Boy anayamba kuonetsedwa pa TV sabata iliyonse. Kuti akwanitse liwiro limeneli anachepetsa chiwerengero cha zithunzi, zina n'kumazibwereza. Njira imeneyi inatsegulira chitseko anime amene mumaonera pa foni lero. Koma tisabise, anavomeranso mtengo wotsika kwambiri, ndipo mpaka pano alipo amene amamuloza chala pa nkhani ya malipiro ochepa a ojambula anime.

Mu 1973 kampaniyo inagwa ndi ngongole, ambiri n'kumati nthawi yake yatha. Chaka chomwecho anayamba Black Jack, nthano ya dokotala wa maopaleshoni wopanda chiphaso, wolipiritsa ndalama zankhaninkhani koma wosafuna kugonja kwa imfa. Achinyamata anaikonda zedi. Apa m'pamene maphunziro aja a udokotala anabala zipatso.

Tezuka anamwalira pa 9 Febuluwale 1989 ku Tokyo ndi khansa ya m'mimba, ali ndi zaka 60. Anagwirabe ntchito ali m'chipatala. Anasiya masamba pafupifupi 150,000 a manga, koma Phoenix, nthano ya moyo ndi imfa imene anaisamala zaka zambiri, inatsala yosamaliza.

Tsono inu amene mumajambula kumapeto kwa kope la masamu, musachite manyazi, komanso sukulu musaitaye. Tezuka anagwira zonse ziwiri. Mukapita ku laibulale, funsani ngati ali ndi Astro Boy kapena Black Jack. Mukalipeza, kumbukirani kuyambira kumanja.