Antoine Lavoisier, katswiri amene adayeza moto pa sikelo

Antoine Lavoisier adabadwira mumzinda wa Paris, ku France, m'chaka cha 1743. Nthawi imeneyo akatswiri ankakhulupirira kuti chinthu chikamapsa chimataya kanthu kena kosaoneka. Iye adatenga sikelo n'kupeza zosiyana: sulufule ndi fosiforasi zikapsa zimalemera kuposa kale, chifukwa zimaphatikana ndi mpweya umene adautcha okosijeni. Adasonyezanso kuti okosijeni akaphatikana ndi haidirojeni pamatuluka madzi, ndipo nthunzi ya madziwo ikadutsa pachitsulo chotentha kwambiri, haidirojeniyo amapatukanso. Motero adakhazikitsa mfundo yoti zinthu zimangophatikana kapena kupatukana, koma kulemera kwa zonse pamodzi sikusintha. Popeza adalinso wokhometsa msonkho wa mfumu, boma limene lidagwetsa ufumuwo lidamudula mutu pa 8 May 1794, ali ndi zaka 50.