Malemu Mungo Murray Chisuse, mmisiri wa zilembo ndi zithunzi

Ife amene tinaphunzira m'chigwa cha Domasi timadziwa kuti sukulu inafika kuno, m'dziko la mfumu Malemia, m'chaka cha 1884, pamene Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre anatsegula nthambi ya mishoniyo pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa. Dzina la Hetherwick tinalimva kuyambira tili ana. Koma sukulu siyenda popanda buku, ndipo buku limafuna manja oti alisindikize. M'kope lino tikumbuke mmodzi mwa eni manja amenewo, Bambo Mungo Murray Chisuse, amene kwa zaka zambiri anali mkulu wa nyumba yosindikizira mabuku ya mishoni ku Blantyre, ndiponso mmodzi mwa anthu akuda oyamba kujambula zithunzi ndi kamera m'dziko muno.

Chisuse anakulira pa mishoni ya Blantyre m'masiku a David Clement Scott, mbusa uja amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891. Scott anali wosiyana ndi azungu ambiri a nthawi yake, chifukwa ankakhulupirira kuti mpingo wa kuno uyenera kuyendetsedwa ndi eni dziko. Mu 1885 anatenga Chisuse, akadali mnyamata, kupita naye ku Scotland, komwe analowa sukulu ya Stewart's College mumzinda wa Edinburgh. Tiganizire kuti apa n'kuti boma la Atsamunda lisanakhazikike, pakuti mbendera yawo inadzakwezedwa kuno mu 1891, ndipo malonda a akapolo anali asanathe m'madera athu ano.

Atabwerako anagwira ntchito m'nyumba yosindikizira. Kuyambira 1888 mishoni inkatulutsa kanyuzipepala kake kotchedwa Life and Work, ndipo pambali pake pankafunika timabuku ta ana a sukulu, nyimbo, ndi mapepala ena a mpingo, m'Chimang'anja, m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Mu 1897 anapitanso ku Edinburgh, ulendo uno kukaphunzira ntchitoyo mozama ku kampani yotchuka yosindikiza mabuku ya Nelson. Anabwera atadziwanso kamera, kuimba vayolini ndi kupalasa njinga.

Ana athu amene amalemba pa kompyuta sangamvetse msanga kuti kusindikiza kunali chiyani masiku amenewo, choncho ndifotokozeko pang'ono. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, kosungidwa m'kabokosi kake. Mmisiri ankatola chimodzichimodzi ndi zala n'kumazindandalika mpaka mzere udzaze, kenaka mzere wina, mpaka tsamba lithe. Zilembozo zinali zotembenuzika monga mawu amaonekera pa galasi, motero ankayenera kuwerenga chozondoka popanda kusokoneza b ndi d kapena p ndi q. Mpata wa pakati pa mawu nawonso unali kachitsulo kofunika kuusankha, kuti mizere yonse ithere pamodzi. Akatha kusindikiza ankamasula tsamba lonse, chilembo chilichonse n'kubwerera m'kabokosi kake, chifukwa zomwezo ndizo zinkafunika pa tsamba lotsatira. Kachilembo kamodzi kakasochera m'bokosi la kanzake, cholakwa chinkadzaonekera mawa m'buku la mwana wa sukulu.

Komatu ntchitoyi sinali ya zala zokha. Mmisiri ndiye ankaona kuti mutu wa nkhani ukule bwanji, m'mphepete mwa tsamba mutsale malo otani, vesi la nyimbo likhale motani kuti woimba asataye mzere, ndiponso kuti mwana wongoyamba kuwerenga apatsidwe zilembo zazikulu bwanji. Zimenezi masiku ano amazitcha graphic design ndipo anthu amatengera madigiri. Chisuse ankazichita tsiku ndi tsiku, m'zilankhulo zimene kalembedwe kake kanali kasanakhazikike n'komwe, ndipo ankaziphunzitsa kwa anyamata amene mishoni inkawaika pansi pake, monga momwe ena ankaphunzirira ukalipentala ndi ulimi. Kalasi lake linalibe bolodi ndi choko. Wophunzira ankaimirira pambali pa mphunzitsi, manja ali bii ndi inki, mpaka diso lake lizolowere kuona cholakwa tsamba lisanapite pa makina.

Anthu odziwa ntchitoyi ankafunidwa kwambiri. Boma litayamba kutulutsa nyuzipepala yake ya Gazette ku Zomba mu 1894, amene ankaindandalika anali anyamata ophunzitsidwa ku mamishoni. Ndipo mwina si onse akudziwa kuti R. S. Hynde, amene anadza ku Domasi ngati mphunzitsi, ndiye anayambitsa Central African Planter pa Songani pomwepa mu 1895, nyuzipepala imene pambuyo pake inasanduka Central African Times kenaka Nyasaland Times. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti ntchito zamanja n'za amene alephera mayeso, ndipo tonse tinkalakalaka desiki ya mu ofesi. Ine ndimaona kuti pamenepo tinaphunzitsidwa molakwika, pakuti munthu wondandalika tsamba m'zilankhulo zitatu ankayenera kudziwa kulemba kuposa makalaliki ambiri.

Mu 1894 Scott anasankha amuna 7 kuti akhale madikoni, ndipo Chisuse anali mmodzi wa iwo, pamodzi ndi Harry Kambwiri Matecheta ndi John Gray Kufa. Cholinga chinali choti awa adzakhale atsogoleri a mpingo. Azungu ena a pa mishoni komanso akuluakulu a ku Scotland sanakondwere nazo, ndipo Scott atachoka mu 1898 zinthu zinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Abusa oyamba akuda a mishoniyo, Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911. Kufa anatsata za chipatala. Chisuse anakhalabe pa makina ake ndi kamera yake.

Kamerayo ndiyo inatisiyira chuma chachikulu. Kujambula chithunzi nthawi imeneyo kunali kokonzekera: wojambulidwa ankavala bwino n'kukhala duu osagwedezeka, wojambula n'kukatsuka chithunzicho ndi mankhwala m'chipinda cha mdima. Azungu ambiri akajambula munthu wakuda ankafuna womvetsa chisoni kapena wodabwitsa, woti akaonetse abale awo kwawo. Kwa Chisuse anthu ankadza okha, atavala zimene asankha okha, kuti aoneke monga ankadzionera. Mwa iwo munali mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Zithunzi za Chilembwe atavala suti, mkazi wake Ida atavala diresi lalitali, ndi zina za pa mishoni yake ya Providence Industrial Mission, zimaonetsa banja lodzilemekeza ndi mpingo wodziimira pawokha. Umu ndi momwe Chilembwe ankafunira kuti anthu amuone, ndipo wojambulayo anamvetsa bwino.

Pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anaukira boma. Pa 3 February iye anaphedwa, tchalitchi chake chachikulu cha njerwa asilikali anachigumula, ndipo John Gray Kufa, mnzake wa Chisuse pa udikoni, ananyongedwa. Aliyense wophunzira ku mishoni ankakayikiridwa, nanji amene anamudziwa Chilembwe. Boma litakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinayambitsa kuukirako, Chisuse anali mmodzi mwa Akhristu a ku Blantyre amene anapereka umboni. Mboni zimenezi sizinabise madandaulo a anthu: thangata m'minda ya azungu, kumenyedwa kwa antchito, ndi mwambo wonyoza uja woti munthu wakuda avule chipewa akakumana ndi mzungu aliyense panjira. Kunena zotere m'chaka chimene anthu ankanyongedwa kunafuna mtima wolimba. Nkhani ya chipewayi sinaiwalike. Mu 2022 Samson Kambalu, mwana wa kuno kwathu, anaimika ku Trafalgar Square mumzinda wa London chosema cha Chilembwe atavala chipewa chake pambali pa mzungu John Chorley.

Boma linagumula njerwa za ku Mbombwe koma zithunzi zinapulumuka. Mu 1958 George Shepperson ndi Thomas Price anaziika m'buku lawo la mbiri ya Chilembwe lotchedwa Independent African, ndipo kuchokera pamenepo zinalowa m'mabuku a sukulu amene ifenso tinawerenga. Nkhope ya Chilembwe inaikidwa pa ndalama zathu zamapepala mu 1997, ndiponso pa K2000 itatuluka mu 2016. Tikanakhala opanda zithunzi zochepa za zaka zimenezo, wosema ndalama akanachita kungopeka nkhopeyo.

Dzina la wojambula silinayende nawo ulendo umenewu. Katswiri wa mbiri John McCracken ndiye analifukula, polemba za iye m'magazini ya Society of Malawi mu 2008. Nyumba yosindikizira ya pa mishoni ya Blantyre, momwe Chisuse anathera zaka zake akundandalika zilembo ndi kuphunzitsa anyamata, inadzadziwika pambuyo pake ndi dzina loti Hetherwick Press.