Ted Powell: adachokera m'ligi yaing'ono n'kudzapatsa Flames chikho

Amene adaonerapo mpira kumudzi, kaya ndi ku Embangweni, pa Jenda kapena ku Euthini m'boma la Mzimba, akudziwa mmene zimakhalira. Bwalo limakhala lopanda mpanda, anthu ali ndandanda m'mbali mwa mzere, ndipo mpira ukagwera m'munda ana amachita kulimbirana kukautola. Osewerawo mmawa amakhala ali kudimba, m'kalasi kapena pa kabaza. Timu ikakhala ndi ulendo wa ku Karonga kapena ku Chitipa, akuluakulu ake amayamba kaye agogoda m'magolosale kupempha ya mafuta a galimoto.

Anthu ambiri a m'tauni amauona mpira wotere ngati wongotayitsa nthawi. Koma bambo amene adapatsa dziko lino chikho choyamba pa mpikisano wa maiko adakulira mu mpira wa anthu osalipidwa ngati womwewu, kungoti wake udali wa ku Mangalande. Dzina lake ndi Ted Powell, mphunzitsi wa timu ya dziko lino kuyambira m'chaka cha 1977 mpaka 1983.

Powell adabadwa m'chaka cha 1940 ku Sheffield, mzinda wa mafakitale a zitsulo kumpoto kwa England. Adachita maphunziro a zamasewero ku koleji ya Loughborough ndipo ntchito yomwe inkamudyetsa idali ya uphunzitsi. Mpira ankasewera akaweruka. Sadavaleko yunifolomu ya timu zikuluzikulu zomwe achinyamata a masiku ano amazionera m'mavidiyo sho. Dzina adalipangira ku Sutton United, timu ya kummwera kwa London, komwe ankasewera chakumbuyo.

Nthawi imeneyo mpira wa ku England udagawidwa pawiri. Kudali osewera olipidwa, omwe mpira idali ntchito yawo, komanso osewera ongodzipereka omwe lamulo silinkawalola kulandira malipiro. A gulu lachiwirili adali ndi maligi awo, chikho chawo cha FA Amateur Cup, ngakhalenso timu yawoyawo ya dziko. Powell adasewera m'timu ya dziko ya osalipidwayi kokwana ka 51, chiwerengero chomwe ndi anthu ochepa okha amene adachifika.

Kusalipidwako kudali kwa pakamwa chabe m'matimu ena. Zidali zodziwika kuti timu zomwe zidali ndi kangachepe zinkasiyira osewera abwino ndalama m'nsapato mwakabisira pofuna kuti asathawire kwa adani awo. Timu yosauka inkangoona anyamata ake akuchoka mmodzimmodzi. Aliyense amene adayendetsapo timu ya m'boma kuno kwathu sangadabwe nazo zimenezi.

Sutton United inkasewera mu Isthmian League, momwe mudalinso timu monga Enfield, Hendon, Dulwich Hamlet ndi Wycombe Wanderers. Zambiri mwa izo zidali zoyandikana moti ochemerera ankangokwera sitima kapena basi kukaonera masewero a koyenda n'kubwerera tsiku lomwelo. Udani wake udali wa anthu odziwana. Sutton idatenga ligiyi mu 1967 pansi pa mphunzitsi Sid Cann, ndipo mu 1969 idafika mu ndime yotsiriza ya FA Amateur Cup pa bwalo la Wembley. Kumeneko zinthu sizidayende: idagonja 2-1 kwa North Shields.

Tsiku lomwe anthu a ku Sutton saliiwala ndi la 24 Januwale 1970. Maere a ndime yachinayi ya FA Cup, chikho chomwe timu yaing'ono imatha kukumana ndi chimphona, adawagwetsera Leeds United. Leeds ya Don Revie ndiyo idali akatswiri a ligi yaikulu ya England panthawiyo. Masewerowo adachitikira pakhomo pa Sutton, pa bwalo la Gander Green Lane, ndipo anthu 14,000 adathithikana pa kabwalo komwe masiku ena onse kankalandira anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi apa.

Powell adali m'bwalo tsikulo limodzi ndi anzake monga Dario Gradi, Larry Pritchard ndi John Faulkner. Aphunzitsi ndi makalaliki adalimbana ndi anthu odya za mpira, ndipo zotsatira zake zidali zomwe aliyense ankayembekezera. Leeds idawathira zigoli 6 kwa duu, Allan Clarke yekha atamwetsa zinayi. Komabe Sutton sidatuluke chimanjamanja. Ndalama za pakhomo za tsiku limodzi lotere zimaposa zomwe timu yaing'ono imatolera pa masewero ambirimbiri a mu ligi. Revie naye adachita chidwi ndi Faulkner mpaka adamutengera ku Leeds. Umo ndi mmene timu yaing'ono imapindulira ikakumana ndi yaikulu: imapeza ndalama, koma imataya mnyamata wake wodalirika.

M'chaka cha 1973 Isthmian League idachita zinthu ziwiri zachilendo. Idalandira thandizo la ndalama kuchokera ku kampani ya fodya ya Rothmans, komanso idayamba kupereka mapointi atatu kwa timu yopambana mmalo mwa awiri. Lero mapointi atatuwa ali paliponse, ku Premier League ngakhale m'ligi ya m'boma la Mzimba, koma adayambira kwa anthu wamba amenewa. Chaka chotsatira bungwe la FA lidathetsa kusiyanitsa osewera olipidwa ndi osalipidwa, ndipo FA Amateur Cup idathera pomwepo. Ndalama za m'nsapato zidayamba kuperekedwa poyera.

Apa n'kuti Powell atayamba kuphunzitsa mpira. Adayamba ndi Sutton yomweyo, kenaka mu 1976 adapita ku Wycombe Wanderers. Kumeneko adalowa m'malo mwa Brian Lee, yemwe adatenga ligi kanayi m'zaka zisanu ndipo mu 1975 adalepherana 0-0 ndi Middlesbrough ya mu ligi yaikulu pa bwalo lotsetsereka la Loakes Park. Kulowa m'malo mwa munthu wotere si masewera, chifukwa ochemerera ozolowera zikho sachedwa kudandaula. Powell sadakhalitseko. Mu 1977 adalandira ntchito yodzaphunzitsa timu ya Malawi, ndipo ligi ya chaka chimenecho idapita kwa adani awo a Enfield.

Mpira womwe adaupeza kuno sudali wachilendo kwenikweni kwa iye. Super League kudalibe, poti idadzayamba mu 1986. Matimu ankasewera m'maligi a m'madera mwawo, ndipo mphamvu zambiri zidali ku Blantyre. Maina a matimuwo ankanena okha komwe chakudya chinkachokera: Bata Bullets, Admarc Tigers, Hardware Stars, pomwe Wanderers idatchedwapo Yamaha kenaka Limbe Leaf. Osewera ambiri adali antchito a m'makampani ndi m'boma, ndipo zokonzekera ankachita akaweruka. Mphunzitsi wozolowera osewera olipidwa akadavutika nawo moyo wotere. Powell adaukhalapo yekha kwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa chomwe munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse angathe kuchita m'bwalo dzuwa lisanalowe.

Si kuti adapeza bwinja ayi. Timu ya Malawi idali itayamba kale kuluma. Mu 1975 idafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup ku Zambia, koma idagonja kwa Kenya pa mapenate. Luso lidalipo, lomwe anyamatawo adaliphunzira m'mabwalo a fumbi a ku sukulu ndi m'matimu awo. Chomwe chinkasowa ndi chikho.

Mu 1978 mpikisanowu udachitikira konkuno. Malawi idafika mu ndime yotsiriza ndipo idakumana ndi Zambia, timu yomwe zaka zinayi m'mbuyomo idafika mu fainolo ya chikho cha Africa yonse. Zambia ya masiku amenewo, ya anthu ngati Godfrey Chitalu ndi Alex Chola, inkaiona Malawi ngati mng'ono wake. Masewero adatha 3-2 mokomera Malawi.

Kanema kudalibe m'dziko muno, poti adadzabwera mu 1999. Munthu wa ku Embangweni, wa ku Nsanje kapena wa ku Likoma ankatsatira timu yake pa wailesi ya MBC, anthu atazungulira kawailesi kamodzi pakhonde la sitolo. Ambiri mwa omwe ankatchula maina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Barnet Gondwe ndi goloboyi Boniface Maganga sadawaoneko ndi maso anyamatawa. Ankangowadziwa ndi khutu, komabe ana m'midzi ankadzitcha maina omwewo akamamenya mpira wachikulunga.

Padali ena omwe ankati chikho cha 1978 chidabwera chifukwa galu amauwa pakwawo. Yankho lidabwera chaka chotsatira. Mu 1979 mpikisano udali ku Kenya, ndipo Malawi idakumana ndi eni bwalo mu ndime yotsiriza. Zigoli zidali zomwe zija, 3-2, ndipo chikho chidabwereranso ku Malawi. Kupambana kwachiwiriku ndiko kolemera kwambiri pa mbiri ya Powell, chifukwa kudachitikira koyenda, pamaso pa ochemerera a timu yomwe idaliza Amalawi zaka zinayi m'mbuyomo.

Adakhala m'dziko muno zaka zisanu ndi chimodzi, nthawi yomwe aphunzitsi a Flames a m'zaka za posachedwapa amangoilota. Chikho chachitatu sadachipeze, komanso timu sidapite ku mpikisano wa Africa Cup of Nations iye ali pampando. Idapitako mu 1984 ku Ivory Coast iye atachoka kale. Koma anyamata omwe adadutsa m'manja mwake ndiwo adasenza mpira wa dziko lino kwa zaka zambiri. Chamangwana adakasewera ku Kaizer Chiefs ya ku South Africa, adaiphunzitsanso, ndipo pambuyo pake adakaphunzitsa Young Africans ya ku Tanzania asanamwalire mu 2018. Young Chimodzi, yemwe adalowa m'timu ya dziko nthawi ya Powell, adadzakhala kaputeni kenaka mphunzitsi wa Flames. Kinnah, yemwe adamwetsera dziko lino zigoli 71, ndiye adatengera Flames ku Angola mu 2010 komwe idathambitsa Algeria 3-0.

Atabwerera kwawo, Powell adagwira ntchito ndi bungwe la FA yosula achinyamata. Mu 1993 adapatsidwa timu ya England ya anyamata osapitirira zaka 18 pa mpikisano wa maiko a ku Ulaya, womwe udachitikira ku England komweko. M'timumo mudali anyamata omwe panthawiyo maina awo sadali odziwika kunja kwa matimu awo: Robbie Fowler, Paul Scholes, Gary Neville ndi Sol Campbell. Mu ndime yotsiriza pa bwalo la City Ground ku Nottingham adagonjetsa Turkey 1-0 ndi penate ya Darren Caskey. Achinyamata ambiri a kuno omwe adakula akuchemerera Scholes ndi Fowler sadziwa kuti anthuwa adaphunzitsidwapo ndi bambo yemweyo amene adaphunzitsa Kinnah.

Matimu omwe Powell ankalimbana nawo ali mnyamata adayenda njira zosiyana kwambiri, ndipo chomwe chidawasiyanitsa si luso la m'bwalo lokha. Wycombe idachoka pa Loakes Park mu 1990 n'kumanga bwalo latsopano la Adams Park. Patangotha zaka zitatu idalowa mu ligi ya olipidwa pansi pa Martin O'Neill. Itagwa m'mavuto a zachuma, ochemerera ake adaitenga n'kuyamba kuiyendetsa okha mu 2012, ndipo mu 2020 idakwera kufika mu Championship, ligi yachiwiri kuchokera pamwamba, ngakhale idangokhalamo chaka chimodzi.

Enfield, yomwe inkaopsa kuposa onsewa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, idagulitsa bwalo lake mu 1999 isanapeze lina. Idayamba kusewera mobwereka m'mabwalo a eni, kutali ndi anthu ake. Ochemerera ambiri adatopa nazo ndipo mu 2001 adayambitsa timu yawoyawo ya Enfield Town. Timu yakale ija idatha ndi ngongole mu 2007. Sutton idapirira pa Gander Green Lane pomwe paja. Mu 1989 idachita zomwe zidakanika nthawi ya Powell pogonjetsa Coventry City ya mu ligi yaikulu 2-1 mu FA Cup. Idadikira mpaka 2021 kuti ilowe mu ligi ya olipidwa, ndipo idatulukamo mu 2024.

Kuno kwathu nkhani yake ndi yofanana, kungoti bwalo ndi timu zochepa zomwe zidali nalo loti n'kugulitsa. Chomwe timu zambiri zidataya ndi kampani. Hardware Stars ndi MDC United zidazimirira pamene omwe ankazithandiza adasiya. Tigers idatsala ndi dzina koma Admarc idachokapo. Bullets ndi Wanderers zidasintha maina kangapo n'kupulumuka, makamaka chifukwa khamu la ochemerera lidalipo loti kampani ina n'kulisirira. Timu ya kumudzi ilibe kampani yoti iithawe. Imadalira wamalonda mmodzi kapena awiri a pamalopo, ndipo iwo akatopa timu imalephera kukwaniritsa masewero ngakhale ili pamwamba pa ligi.

Powell adamwalira mu Seputembala 2005 ali ndi zaka za m'ma 60. Flames idatenganso chikho cha East and Central mu 1988 pansi pa Reuben Malola, itagonjetsa Zambia pakhomo. Chikho cha Cosafa chitayamba mu 1997, idafika mu ndime yotsiriza mu 2002 ndi 2003 koma idagonja kwa South Africa ndi Zimbabwe. Mwa zikho zitatu za East and Central zomwe Malawi idatenga, ziwiri zidabwera m'zaka zitatu zoyambirira za mphunzitsi wa ku Sutton uja.